Chambo Changa Chinawolera pa Malire

"Kodi amake Esinati, ulusi munakagula uja ndi wa mtundu wanji, woti ngakhale ife anansi sitikuuona?"

Anandifunsa choncho a Nachisale, mnansi wanga, patapita masiku awiri chibwerere ku ulendo. Anali atatsamira thandala lathu loyanikapo nsomba, limene linali lopanda ngakhale kausipa kamodzi. Ndinati akhale pansi ndiwafotokozere, iwo n'kuti akuthamangira kumunda. Nchifukwa chake ndaganiza zolemba. Ndinafika Sitandade 4 kusukulu ya mishoni, kulemba ndi kuwerenga ndimatha, ndipo mumva nokha kumene kuwerengako kunandifikitsa.

Chinayambitsa zonse ndi ng'ona. Inalowa mu ukonde wa bambo a Esinati n'kuung'amba pakati, ukonde umodzi wokhawo umene tili nawo, nyengo ya utaka ili pafupi. Ku Salima ulusi wosokera ukonde unali utakwera mtengo moti munthu umangoufunsa n'kutsazika. Eni masitolo ankati ndi Chitaganya. Ankati kale panali pangano loti katundu wochokera dziko lililonse azilowa ndi msonkho wochepa wofanana, koma tsopano dziko lathu lachotsedwa m'pangano lakalelo, laphatikizidwa ndi Rodeshiya: za ku Halale zilowe ulere, za kwina zilipire. Tsoka lake ulusi wabwino sunkachokera ku Halale.

Bambo a Esinati anali ndi njira yawo. Kupitirira Dedza, pamene msewu umayenda m'malire enieni, pali sitolo ya Mpwitikizi amene amalandira chambo chowamba n'kupereka ulusi. Koma iwo anali atabayidwa ndi munga wa kampango kuphazi, phazi litatupa ngati dzungu. Ulendo unagwera ine, ndi Esinati kumsana, wa miyezi isanu ndi itatu.

"Mawu anga ndi awiri okha," anatero pomanga madengu atatu a chambo. "Loyamba, tsiku lililonse muzimasula madengu, nsomba zione dzuwa. Chambo chowamba chikangogona m'chinyezi masiku awiri, chatha. Lachiwiri, mukatsika lole musayang'ane uku ndi uku. Mungodutsa msewu, sitolo ya denga lofiira. Mukati mwatumidwa ndi Yosefe."

Lolemba m'mawa alamu anga anatiperekeza pa ngolo mpaka ku siteshoni ya sitima ku Salima. Pamenepo panali lole yonyamula mchere ndi palafini, yopita ku Lilongwe, Dedza mpaka Ntcheu. Dalaivala anati ine masheleni asanu ndi limodzi, dengu lililonse sheleni, mwana ulere malinga asalire. Ndinafunsa kuti tinyamuka nthawi yanji.

"Pompano, mayi. Kwerani."

Pompano wakeyo anakwana Lachiwiri masana, chifukwa sitima yobweretsa mcherewo inali isanafike. Sindinadandaule. Ndinayala nsomba zanga pa udzu kuseri kwa siteshoni, zinaotha dzuwa tsiku lonse, ine ndikuthamangitsa akhwangwala.

Pokwera m'pamene ndinadziwana ndi abambo awiri amene ndinayenda nawo. Woyamba anali a Mbewe, kalaliki wa pa msika wa thonje ku Chitala, atavala tayi ndi chipewa cholimba chonga cha azungu a boma. Wachiwiri anali a Saidi, telala wa pa msika wa Salima, wa kofia yoyera, tepi yoyezera ili m'khosi ngati kuti akukayeza munthu m'njira. Onse awiri anakhala pa matumba a mchere. Ife amayi tinakhala pansi, pafupi ndi zitini za palafini.

"Mayi, fungo lonseli mukupita nalo kuti?" anafunsa a Mbewe.

"Kumalire, bambo, kukasinthitsa ndi ulusi."

"Malire? Malire anatha, mayi! Masiku ano munthu ukhoza kuchoka pano mpaka ku Bulawayo osaonetsa kapepala."

"Nanga ku Bulawayoko mayiwa akukatani?" anatero a Saidi. "Anatsegula khomo limene sitilowera, n'kutseka limene timalowera."

"Inu a telala, za chuma cha dziko mukudziwapo chiyani? Zisokani makabudula."

"Ndisoke ndi chiyani? Nsalu ya ku Japani ija ndinkagula mosavuta munaithamangitsa. Iyi ya ku Halale ukangoichapa kamodzi, kabudula wa bambo wasanduka wa mwana."

"Imeneyo ndi nsalu yakwathu, ya m'Chitaganya!"

"Kwanu ndi ku Halale? Ine ndimayesa kwanu ndi ku Chitala, kuseri kwa dibi la ng'ombe."

Amayi tinaseka mobisa m'zitenje. Sitinadziwe kuti nyimbo imeneyi tiimva mpaka ku Dedza.

Pa chitunda cha ku Mvera lole inayamba kutsokomola, kenaka inatulutsa nthunzi kumaso n'kuima. Dalaivala anakuwa kuti tiike miyala kumatayala isabwerere m'mbuyo, ena akatunge madzi kudambo. A Mbewe anati thalauza lawo ndi la ku ofesi. A Saidi anati manja awo ndiwo munda wawo, sangawaike pansi pa tayala. Miyala tinaika ife, madzi tinatunga ife, iwo ali pamwamba pa mchere kukangana ngati lole yoteroyo ikusonyeza kuti dziko likutukuka kapena likugwa.

Tili pomwepo inagwa mvula yoyamba ya chaka. Lona lofunditsira katundu linalipo limodzi, ndipo dalaivala anafunditsa mchere, poti mchere ndi wa mwini lole. Abambo awiri aja analowa pansi pa lona lomwelo, mkangano n'kumamvekera m'katimo. Ine ndinafunditsa madengu bulangete langa, Esinati ndinamubisa pachifuwa. Madzi pang'ono analowabe m'dengu lapansi. Tinagona pa Mvera, pakhonde la sitolo.

Lachitatu tinafika ku Lilongwe, kumene anatsitsa palafini. Dzuwa linatuluka mwaulesi, koma ndinayalabe nsomba m'mbali mwa msika. Panabwera mayi wina wonenepa, wogulitsa ndiwo, n'kutola chambo chimodzi, kuchinunkhiza, kuchitembenuza.

"Achemwali, dengu limodzi ndigule pompano. Kapena onse atatu, mubwerere kwanu mwana asavutike."

Ndinakana. Ndinati ndalama za pano sizingakwane ulusi wa ukonde wonse, pamene kwa Mpwitikizi madengu atatuwa ndi mipukutu khumi ndi iwiri. Mayiyo anati, "Chabwino, mwini nsomba ndinu," n'kupita. Nkhope yake ndimaikumbukirabe.

Pa Nathenje tayala linaphulika, tinakhala maola atatu akulimata. Pofika pa Linthipe Lachinayi tinapeza mtsinje wadzaza, madzi akuyenda pamwamba pa mlatho. Magalimoto anali ndondondo mbali zonse ziwiri. Kunja kunali kamvula kowaza kosalekeza, koti sungayale nsomba, ndipo nkhuni zonse zinali zonyowa, koti sungaziwambenso. Ndinangopisa dzanja m'dengu lapansi lija. Nsomba zinali zitayamba kufewa, koma fungo linali likadali labwino. Ndinadziuza kuti mawa zikhala m'manja mwa Mpwitikizi, ayanike yekha.

"Mukuona mlatho uwu?" a Mbewe ankauza anthu a m'magalimoto ena. "Zaka ziwiri zokha, Chitaganya chimanga wina wautali, woti ngakhale chigumula chidutse pansi mwaulemu."

"Amanga, inde," a Saidi anayankha. "Amanga kwawo, ndi msonkho wa ulusi wa mayiwa."

Kuyambira pamenepo ndinasanduka chitsanzo. Aliyense akafuna kugonjetsa mnzake ankaloza ine: mayiwa apindula, mayiwa aponderezedwa. Dzina langa sanafunse, ndipo Esinati atasanzira pa nsapato ya a Mbewe, a Saidi anati ngakhale mwana waonetsa maganizo ake.

Madzi anaphwa Lachisanu m'mawa. Tinadutsa Dedza kukuzizira ngati mwezi wa Juni, ndipo dzuwa lili pamutu lole inaima pamalo paja. Zinali monga ananenera bambo a Esinati: mbali ino masitolo awiri ndi kaofesi ka njerwa, mbali inayo sitolo ya denga lofiira, pakati msewu. Kumwamba kunali kutayera. Amayi a kumeneko ankangodutsa msewuwo ndi madengu a kachewere pamutu, ena kupita, ena kubwera, mbuzi nazonso chimodzimodzi.

Dalaivala ananditsitsira madengu, nati aima ola limodzi, ndipo pobwerera kuchokera ku Ntcheu adutsa Lachiwiri. Ndinamanga Esinati bwinobwino, ndinapinda nkhata. Ndikuwerama kuti ndisenze dengu loyamba, maso anga anagwa pa chikwangwani chatsopano, chopaka utoto woyera, cholembedwa m'Chingerezi pamwamba ndi m'Chinyanja pansi. Munthu amene unapita kusukulu, zilembo zikakhala patsogolo pako sungazisiye. Ndinawerenga, mokweza ngati m'kalasi: "Katundu yense wotuluka kapena wolowa ayambe waonetsedwa ku ofesi."

"Mwamva?" anatero a Mbewe. "Mayi wophunzira uyu. Lowani, mayi, mukaone nokha dongosolo la boma latsopano. Mphindi zisanu, chidindo pha, mwatuluka."

Ndinayang'ana a Saidi, ndikuyembekeza kuti atsutsa monga mwa masiku onse.

"Lowani ndithu," iwo anatero. "Lowani anthu aone nkhanza zake poyera. Ife tikhala mboni zanu."

Chichokere ku Salima, aka kanali koyamba kuti anthu awiriwa agwirizane. Ndinaganiza kuti chinthu chimene a Mbewe ndi a Saidi avomerezana chiyenera kukhala choona. Ndiponso anandinyamulira madengu mpaka pakhomo la ofesi, katundu woyamba amene manja awo anakhudza pa ulendo wonse.

M'katimo munali kalaliki wa kasitomu, mnyamata waulemu, wa jekete lalikulu kuposa thupi lake. Anandipatsa mpando. Analemba dzina langa, mudzi, mfumu, ndi madengu atatu m'kaundula wake. Kenaka anatsegula buku lalikulu n'kuyamba kuyendetsa chala.

"Nsomba za m'chitini zilimo. Nsomba zamchere za m'nyanja yaikulu zilimo. Izi mwati ndi chiyani?"

"Chambo chowamba, achimwene."

Anatembenuza masamba mpaka kumapeto, n'kubwereranso.

"Mayi, vuto ndi ili. Buku ili ndi lakale, linatha ntchito pamene tinachoka m'pangano lija. Latsopano silinafike. Bwana anapita ku Zomba kukafunsa za buku lomwelo."

"Ndiye ndidutse?"

"Sindingakudutsitseni popanda buku."

"Ndiye ndipatseni nsomba zanga ndibwerere nazo."

"Sindingakubwezereni, ndalemba kale m'kaundula. Chimene chalembedwa chiyenera kuyankhidwa."

Anati atumiza telegalamu ku likulu kudzera ku Dedza, ndipo podikira yankho katundu akhala m'manja mwa boma. Anatenga waya n'kukulunga dengu lililonse, pamfundo n'kufinyirapo kamtovu kokhala ndi chidindo. Ndinayamba kumuchonderera.

"Achimwene, nsomba izi zanyowa pa Mvera. Zikufuna dzuwa lero lomwe. Ndiloleni ndiziyale pakhonde panupa, inu mukuona. Sindithawa nazo, ndili ndi mwana."

"Mayi, ine kwathu ndi ku Nkhotakota, nsomba ndikuzidziwa kuposa buku ili. Koma kamtovu aka kakaduka yankho lisanabwere, ntchito yanga yatha."

Anaika madengu m'kachipinda ka malata kopanda zenera, n'kukhoma loko.

Nditatuluka kuti mboni zanga zindithandize kudandaula, sindinazipeze. Ndinakhala pakhonde n'kumayamwitsa mwana. Posakhalitsa ndinaona a Saidi akutulukira pa kanjira ka kuseri kwa ofesi, kochokera tsidya la Apwitikizi. Munthu amene anatsika lole ali wowonda ngati bango anali atanenepa mwadzidzidzi, m'mphepete mwa nsalu yamaluwa mukusuzumira pansi pa malaya. Pambuyo pawo, kanjira komweko, a Mbewe, akuyenda mosamala ngati ali ndi chithupsa, m'jekete mukulira mabotolo a vinyo. Anakumana pa lole, anayang'anana, palibe anayankhula za Chitaganya. Lole inanyamuka, a Mbewe n'kundikwezera chipewa.

Anandisunga ndi a Namaseko, mayi wogulitsa kachewere pamsewupo. Nditawafotokozera anaseka mpaka kukhala pansi.

"Munalowa? Mwa kufuna kwanu? Anakuitanani?"

"Chikwangwani chikutero."

"Chikutero eti? Ife timayanikapo matewera. Amene anachikhoma sanatiuze chimene chikunena, ifenso sitinafunse."

Loweruka ofesi inatsegulidwa mpaka masana, yankho kunalibe. Lamulungu inali yotseka. Masiku onsewo dzuwa linawala loti ngakhale chinangwa chikanauma tsiku limodzi, ine ndili pakhonde la ofesi kuliyang'ana likupita pachabe, malata a kachipinda kaja akuthetheka ndi kutentha. Ndinkathandiza a Namaseko kusankha kachewere kuti ndipeze chakudya. Madzulo a Loweruka ndinaika mphuno pa chitseko, ndinamva kafungo kowawasa. Lamulungu sipanafunikenso kuika mphuno. Lolemba kunabwera ntchentche zobiriwira, ndi agalu a mbali zonse ziwiri za malire, amene anadutsa osaonetsa kanthu ku ofesi.

Kalaliki uja anatulutsa tebulo lake n'kukaliika pansi pa mtengo, kutali ndi chitseko.

"Achimwene," ndinatero, "mphuno zanu zikukuuzani chiyani?"

"Mphuno zanga zikugwirizana nanu, mayi. Koma mphuno sizisayina."

Anandipatsa tiyi wa shuga wambiri, Esinati anamupatsa bisiketi. Sanali munthu woipa. Akanakhala woipa bwenzi nditamutukwana mtima n'kupepuka.

Lachiwiri m'mawa mesenjala anafika pa njinga ndi kapepala. Kalaliki anawerenga, nkhope n'kuwala, n'kundithamangira.

"Mayi, mwapambana! Akuti nsomba zouma za m'dziko muno zilibe msonkho, ndipo sizifuna chilolezo. Zipite!"

Anatsegula loko atagwira kansalu kumphuno, anadula mawaya. Nditachotsa udzu wapamwamba ndinapeza nkhungu yobiriwira, pansi pake mphutsi zikuyenda ngati mpunga ukuwira. Ndinafufuza dengu ndi dengu mpaka pansi, mwina ndipeze khumi zokha zoti n'kutsuka. Chambo chimene ndinawamba ndekha milungu itatu chinkangosungunuka m'manja. Madengu enieniwo anali atamwa madzi ake, osatheka kuwagwiritsanso ntchito.

"Pepani, mayi," anatero kalaliki. "Komanso pali lamulo lina, limeneli lili m'mabuku onse awiri. Chakudya chowola sichidutsa malire. Chiyenera kukwiriridwa, mwini wake asayine."

Khasu anandibwereka. Ndinakumba kuseri kwa ofesi, m'mbali mwa kanjira kaja, anthu akundilambalala ndi mitolo yawo ya nsalu ndi shuga, ena n'kumandipatsa moni. Nditakwirira ndinasamba m'manja n'kukasayina.

"Koma mumalemba bwino, mayi," anatero. "Munafika Sitandade chani?"

Timitovu titatu tija ndinatola n'kumanga pa nsonga ya chitenje. Kenaka ndinadutsa msewu. Ndinawerenga mapazi: makumi awiri ndi atatu. Palibe anandiitana, palibe anandiyang'ana. Mpwitikizi uja, m'Chinyanja chake chopindika, anati, "Aa, mkazi wa Yosefe! Chambo chili kuti? Ulusi wake ndamusungira." Anandionetsa pa shelefu, mipukutu ili ndandanda. Ndinamasula bulangete langa n'kuliika pa tebulo. Analiyang'ana, analinunkhiza, linali likununkhabe chambo cha pa Mvera, n'kundipatsa mpukutu umodzi. Ndinaulowetsa kumsana pansi pa Esinati, ndipo pobwerera ndinadutsa pa chikwangwani chija maso ali pa zala za kumapazi.

Lole inafika masana, abambo anga awiri ali pamwamba, pano pa matumba a nyemba. Dalaivala, amene ndinamufotokozera pokwera, anawauza zonse tisanafike n'komwe pa Dedza.

"Mwamva, a telala?" anatero a Mbewe. "Zilibe msonkho! Boma layankha, ndipo layankha mokomera mayiwa. Kale mukanaliona yankho lotere?"

"Layankha nsomba zili m'manda," a Saidi anatero. "Nkhani imeneyi ndikainena pa msonkhano. Mayiwa dziko lonse liwamva."

"Mukanene kuti analandira chilungamo."

"Ndikanena kuti anaphedwa ndi Chitaganya chanu."

Anakangana mpaka pa Linthipe, pamene madzi anali ataphweratu. Tili pakati pa mlatho a Mbewe anatembenukira kwa ine, koyamba pa ulendo wonse kundifunsa kanthu kofuna yankho.

"Tiuzeni inu eni ake, mayi. Muli mbali iti, yanga kapena ya atelalawa?"

"Ine, bambo, ndili mbali ya kanjira ka kuseri kwa ofesi. Ndinaona kuti nonse awiri muli komweko."

Amayi a m'lolemo sanabisenso kuseka m'zitenje. A Saidi anayamba kukonza malaya awo, a Mbewe anatsitsira chipewa kumaso, ndipo tinayenda mwabata mpaka pa Nathenje, pamene anayambiranso, koma za mtengo wa thonje.

Ndinafika kunyumba Lachinayi. Bambo a Esinati anamvetsera zonse phazi lili pa mpando. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mawu anga aja anali angati?" Ndinati awiri. Anatenga timitovu tija n'kutiyeza m'dzanja, nati tikhala bwino kumunsi kwa ukonde, timiza bwino kuposa miyala. Mpukutu umodzi uja unangotseka kagawo kochepa ka chibowo cha ng'ona. Anzawo akupalasa kupita ku utaka m'mawa uliwonse, iwo ali pamchenga kulumikiza tizidutswa ta ulusi wakale.

Ndiye a Nachisale, ulusi umene simukuuonawo ndi umenewo. Tinapeza mpukutu umodzi ndi timitovu titatu. Tinataya chambo madengu atatu ndi madengu ake omwe, bulangete limodzi, masheleni khumi ndi asanu a lole, masiku khumi ndi limodzi, ndi utaka wa chaka chino.